Khonde ndi Ofesi: Maganizo pa Nyumba ya Mandala ndi Nyumba Zakale za Kunyanja

Munthu akaima pa Boma la Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, amaona zinthu zimene alendo amakonda kujambula: nsanja ya koloko yokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901, mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Gwendolen, ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Zinthu zotere n'zosavuta kuzisunga, pakuti ntchito yake ndi imodzi yokha, ndiyo kukumbutsa. Chovuta ndicho kusunga nyumba, chifukwa nyumba imafuna munthu wokhalamo. Ikasowa munthu, chiswe ndi mileme zimalowa m'malo mwake. Chotero nyumba yakale ikatha ntchito imene anaimangira, eni ake amaipatsa ina: yogonamo imasanduka ofesi, yochezeramo imasanduka yosungiramo zinthu zakale. Funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu aphunzitsi a mawa, ndi ili: kodi nyumba ikasandulika chomwecho, chimapulumuka n'chiyani, nanga chimafa n'chiyani?

Ndiyamba ndi nyumba imene iri kutali ndi gombe, koma mbiri yake ndi ya nyanja yomweyi: Nyumba ya Mandala ku Blantyre. Mu 1878 amalonda ena a ku Glasgow, m'dziko la Scotland, anakhazikitsa kampani yoti izinyamula katundu wa amishoni ndi kuchita malonda m'njira ya Zambezi, Shire ndi nyanja. Poyamba inatchedwa Livingstonia Central Africa Company, pambuyo pake African Lakes. Oyang'anira ake anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala mandala a m'maso, ndipo anthu anampatsa dzina lakuti Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu nilipita pa nyumba, pa masitolo a kampani, ndi pa dera lonse la mzinda pamene nyumbayo iri. Inamangidwa mu 1882, ndipo mwa nyumba za mamangidwe a Chizungu zimene zikali chiimire m'dziko muno, yakale koposa ndi imeneyi. Katundu wowerengedwa pamenepo ndiye amene amtengatenga ankasenza kunka naye ku Matope, kumene ankakwera sitima yodutsa kwa Mponda kulowa m'nyanja.

Mamangidwe ake ali motere. Ndi nyumba yosanja, ya zipinda pansi ndi pamwamba. Makoma ake ndi ochindikala, a njerwa ndi dothi losakaniza ndi udzu. Khonde lalikulu laizinga, pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo denga latambalala kufikira kunja kwa khondelo. Mulibe zokongoletsa zambiri monga ziri pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamangitsa m'mzinda womwewo pakati pa 1888 ndi 1891. Kukongola kwa Mandala kuli m'muyeso wake: utali wa nsanamira, mpata wa pakati pa nsanamira ina ndi inzake, ndi mthunzi umene umagwa pa khoma kumbuyo kwake. Tizindikire kuti m'nyumba imeneyi ntchito yagawidwa pawiri. Dothi ndilo likhoma ndi kusenza. Mitengo ndi matabwa ndizo zigwira khonde, pansi pa zipinda zam'mwamba, ndi denga.

Ku England kuli nyumba za m'tauni za mtundu wina, zimene thupi lake lonse ndi mitengo. M'mizinda monga Chester, York ndi Shrewsbury amisiri akale ankasema mitengo yolimba ya oak, nailumikiza ndi zikhomo za mtengo, naimika chigoba cha nyumba yonse. M'mipata yotsala ankalukamo timitengo namatapo dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe. Chipinda cham'mwamba chinkatulukira pang'ono kunja kuposa cham'munsi. Moto waukulu utapsereza London mu 1666, lamulo linati nyumba za m'mzindawo zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala, ndipo mamangidwe a mitengo anayamba kuchepa. Zimene zinatsala zambiri zinasanduka masitolo ndi maofesi, ndipo Angerezi amazinyadira.

Wophunzira wa kumudzi akamva izi ayenera kuseka pang'ono, pakuti mamangidwe amenewo ndi a agogo ake. Nyumba imene thupi lake ndi mitengo, kuno kwathu, ndi nyumba ya kumudzi. Mmisiri amakumba maenje naimika nsichi. Amamangirira mbariro ndi luzi, kunja ndi m'kati. Pamwamba amagoneka mitanda, nayala mapaso, nafolera ndi udzu. Pambuyo pake khoma limaphomedwa, amayi nazira pansi ndi mtsiro. Kunja kumaimikidwa nsanamira zogwira denga la khonde. Kuno kumwera kwa nyanja Ayao anayamba kale kumanga nyumba za ngodya zinayi potengera za ku gombe la nyanja yamchere, kumene ankapita ndi malonda. David Livingstone anaziona kwa Mataka mu 1866. Tsono pamene tikamba za khonde la Mandala tisayese kuti tikukamba za chinthu chachilendo. Angerezi anaphunzira khonde lalikulu ku India, makolo athu analidziwa okha, ndipo onsewo anawaphunzitsa ndi dzuwa.

Ndikuti khonde ndilo mtima wa nyumba imeneyi, ndipo zifukwa zake nazi. Choyamba, khonde limatchinga khoma kuti dzuwa lisaliombe. Kuno kwathu dzuwa limadutsa paliwombo kawiri pa chaka, cha kumayambiriro a Novembala ndi cha m'Febuluwale. Masana kutentha kumagwera pa denga, m'mawa ndi madzulo pa makoma a kum'mawa ndi kumadzulo. Khoma lochindikala la dothi limamwa kutentha pang'onopang'ono, ndipo likakhala pa mthunzi, m'chipinda mumakhala mozizira tsiku lonse. Chachiwiri, khonde limatchinga mvula. Mdani wa khoma la dothi ndi madzi, ogwa kumwamba ndi okwera kuchokera pansi. Denga lotambalala limataya madzi kutali ndi tsinde la khoma. Ichi ndicho chimene chasunga dothi la 1882 kufikira lero. Chachitatu, khonde ndi chipinda chopanda chitseko, pamene munthu amagwira ntchito kapena kucheza ali pa mphepo. Ngati zimenezi ziri zofunika ku Blantyre, kumene kuli mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, nanga kuli bwanji ku Mangochi, kumene kuli pansi pa mamita 500, ndipo m'Okutobala mchenga umaotcha mapazi?

Koma wopenda nyumba asalekere pa kutama. Chipinda cham'mwamba cha Mandala chimanena zinthu zina zimene tiyenera kuzimva. Azungu a masiku amenewo ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wochokera m'nthaka ndi m'madambo, pakuti Ronald Ross anali asanaonetse, mu 1897, kuti ndi udzudzu umene umawafalitsa. Chifukwa chake kugona pamwamba kunkayesedwa chitetezo. Komanso kukhala pamwamba ndiko kuyang'ana anthu pansi. Woima pa khonde lam'mwamba ankaona bwalo lonse, akatundu ndi owasenza, ndipo iwo ankamuona iye atakweza maso. Pamenepa khonde la Mzungu linasiyana ndi khonde la kumudzi. Kumudzi khonde ndi malo olandirira: mlendo amapatsidwa mpando kapena mphasa pomwepo, namwa madzi, nafotokoza ulendo wake. Pa nyumba zambiri za Atsamunda khonde linali malire, pamene munthu wakuda ankaima chipewa chiri m'manja, osapitirira. Mitengo ndi yomweyo, mthunzi ndi womwewo, koma mwambo wake ndi wina.

Palinso chosowa china. Timadziwa maina a abale a Moir, timadziwa za nkhondo imene kampani yawo inamenya ndi Mlozi ku Karonga pakati pa 1887 ndi 1889, timadziwa za minyanga ya njovu imene inkagulidwa. Koma oumba njerwa, ocheka matabwa ndi okwera pa denga, amene manja awo anaimika nyumbayo, maina awo samveka ponena mbiri yake. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Komatu mbiri ya nyumba zathu zakale yalembedwa monga ngati mutu umodzi unasenzadi. Mphunzitsi woima ndi ana patsogolo pa nyumba yotere akonze cholakwa chimenechi, nawauze kuti pulani inali ya mlendo koma luso la manja linali la eni dziko.

Tibwere tsopano pa kusandulika kwake. Nyumba ya Mandala inaleka kukhala yogonamo oyang'anira, nigwira ntchito za ofesi za kampani. Pambuyo pake zipinda zam'mwamba zinalandira mabuku, zithunzi ndi makalata akale a bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina lakuti Nyasaland Society. Boma linaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa ndi lamulo. Kusandulika kumeneku ine ndikuyesa kwabwino, ndipo chifukwa chake n'chapafupi: ntchito yatsopano inagwirizana ndi khalidwe la nyumba. Mapepala amafuna malo ouma ndi a mthunzi, ndizo zimene makoma ochindikala ndi khonde zimapereka. Wowerenga amafuna bata ndi mphepo, ndipo amazipeza. Koposa zonse, makwerero amene kale anali a bwana ndi alendo ake, tsopano amakwerapo mwana wa sukulu wofuna kudziwa mbiri ya kwawo.

Chofanana ndi chimenechi chiri pakhomo pathu pompano. Mu 1891 Harry Johnston anamangitsa linga kutsidya kwa Shire, pandunji pa mudzi wa Mponda, pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo, nalisiya m'manja mwa Cecil Maguire, amene anaphedwa m'Disembala wa chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira. Mu 1897 tauni ya Fort Johnston inakhazikika pamene pali Boma lero, ndipo dzina lakuti Mangochi inalilandira pambuyo pa ufulu wa 1964. Azungu a m'taunimo anali ndi kalabu yawo, Gymkhana Club, yochezeramo okhaokha. Kuyambira 1971 nyumba imeneyo inasanduka Lake Malawi Museum, yosungiramo za usodzi, za sitima ndi za mbiri ya nyanja. Nyumba imene munthu wakuda ankalowamo monga wantchito, tsopano mdzukulu wake amalowamo monga mwini. Ku Zomba nakonso nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain cha m'ma 1886 inasanduka yogonamo alendo a Boma, pambuyo pake hotela ya Masongola. Kupatsa nyumba ntchito yatsopano, tsono, kukhoza kuichotsera manyazi ake akale.

Koma kusandulika kwina kumapha. Ndinalowa tsiku lina m'nyumba ina yakale ya m'tauni ina ya kunyanja kuno, imene inali yogonamo ndipo anaisandutsa maofesi. Pofuna kuonjezera zipinda anatseka khonde ndi njerwa, nasiya timazenera tating'ono. Chipinda chachikulu anachidula ndi matabwa opyapyala, kotero kuti mphepo yolowa pa zenera la kum'mawa inalibenso potulukira. Pa mazenera ena anatsamiritsapo makabati a mafayilo. Makoma akale anawapaka simenti ndi penti yonyezimira. Kunja inkaoneka yatsopano ndithu; koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Unali mwezi wa Okutobala, magetsi atazima, ndipo akalaliki onse ndinawapeza panja, atatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango. Iwo anali atadzipangira khonde latsopano, popeza lakale anawalanda.

Cholakwa cha pamenepa si kutentha kokha. Khoma la dothi kapena la zidina limafuna kupuma: chinyontho cholowa m'nyengo ya mvula chiyenera kutuluka m'nyengo ya dzuwa. Dothi ndi laimu zimalola chinyontho kutuluka. Simenti imachitsekera m'kati, khomalo nilifewa kumbuyo kwa pulasitala kufikira pulasitalayo igwa yokha. Ndiponso m'nyumba yogonamo mayi amasesa ngodya zonse tsiku ndi tsiku, ndipo njira ya chiswe ikangoyamba kukwera khoma amaiona naiphwanya. M'ofesi kabati imakhala pa malo amodzi zaka khumi, chiswe nichikwera kumbuyo kwake kufikira pa mitanda ya denga popanda wochiona. Mtengo wakale ukadyedwa, wolowa m'malo mwake supezeka wofanana nawo. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene chiswe sichiukonda, ndipo unafolera nyumba zambiri za Boma ndi za mishoni, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula. Mlombwa ndi mbawa zazikulu nazonso zikusowa. Wotaya mtanda wakale wataya chinthu chimene ndalama sizingagule.

Muyeso wanga popenda nyumba yosandulika ndi uwu: ntchito yatsopano ilowe monga mkamwini wa ulemu. Mkamwini amalima munda, amakonza nkhokwe, amabala ana pamudzi, koma sasuntha malire amene anawapeza. Ofesi ikhoza kulowetsa magetsi, mipope ya madzi, mashelefu ndi makompyuta. Koma isatseke khonde, isatseke njira ya mphepo, isaphimbe khoma ndi chinthu cholikaniza kupuma, ndipo chiri chonse chimene yaonjezera chikhale chotheka kuchichotsa osagumula chakale. Pa muyeso umenewu Mandala yapambana, ndipo nyumba ya akalaliki aja yalephera.

Wina adzati: chifukwa ninji tidzivute ndi nyumba za Atsamunda pamene ana ambiri akuphunzirira pansi pa mitengo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Boma likakhala ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha, kalasi iyambe. Koma zimene zimasunga nyumba yakale kawirikawiri si ndalama zambiri: kukhoma lata limodzi lodontha, kukumba ngalande yochotsa madzi pa tsinde la khoma, kusuntha kabati kamodzi pa mwezi. Kutseka khonde kunadya ndalama zoposa kulisiya. Ndiponso nyumba zimenezi ndi umboni. Mwana akawerenga za amtengatenga m'buku akhoza kuiwala. Akaima pa bwalo pamene iwo ankatula katundu, nakweza maso kuona khonde lam'mwamba, sadzaiwala. Kugumula nyumba ya Mtsamunda sikufafaniza zimene zinachitika, kumangochotsa mboni.

Sindikunena kuti tibwerere ku nsichi ndi udzu pa zomanga zonse. Nyumba ya kumudzi iri ndi zilema zake: udzu umapsa ndipo umafuna kufolera kawirikawiri, nsichi zimadyedwa pa tsinde, ndipo mitengo yowongoka yachepa. Koma njerwa zootcha nazo zadya nkhalango zathu, kotero kuti mu 2018 Boma linaletsa kuzigwiritsa ntchito pa zomanga zazikulu. Ndipo chivomezi cha ku Karonga cha m'Disembala 2009 chinaonetsa kuti khoma la njerwa lomangidwa mosasamala limang'ambika ndi kugwa, pamene chigoba cha mitengo yomangirira chimagwedezeka n'kubwerera. Chimene tiyenera kutenga kwa Mandala ndi kwa agogo si zipangizo zawo zenizenizo, koma nzeru yawo: denga lalitali ndi lotambalala, khoma la pa mthunzi, mazenera oyang'anizana, ndi maziko okwera pamwamba pa madzi. Amene anaona nyanja itakwera ndi kulowa m'nyumba za m'mphepete mu 2024 adzamvetsa chomalizachi.

Nkhaniyi ikukhudzani inu makamaka. Mukadzatumizidwa ku sukulu ya kumudzi, mudzakhala pa komiti yomanga kalasi kapena nyumba ya mphunzitsi, ndipo mwina inu nokha ndinu amene mudzafunse mafunso. Funsani kuti makoma aatali ayang'ana kuti. Ndi bwino ayang'ane kumpoto ndi kumwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo ligwere pa makoma aafupi. Funsani kuti denga latulukira kunja motani. Funsani kumene mwera udzalowera ndi kumene udzatulukira. Kalasi ya malata otsika, yopanda siling'i ndi yopanda khonde, imagonetsa ana ola lachisanu lisanakwane, ndipo mphunzitsi amawayesa aulesi pamene wolakwa ndi denga.

Chinanso ndi cha chinenero, chimene chiri ntchito yeniyeni ya magazini ino. Mamangidwe akatha, mawu ake amatha nawo. Yesani kufunsa ana a Sitandade 6 kusiyana kwa nsichi ndi nsanamira, kwa mtanda ndi phaso, kwa kuphoma ndi kuzira. Mudzaona kuti a m'tauni ambiri adzakhala chete. Chotero tengani kalasi yanu mupite nayo kwa mmisiri wachikulire wa m'mudzi, ana amfunse dzina la mtengo uli wonse wa m'nyumba yake, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi chifukwa chimene anasankhira tsanya pano, mgwalangwa apo. Alembe mawuwo ndi kujambula chithunzi. Tsiku lina ayerekeze kutentha kwa m'kalasi ndi kwa pa khonde la nyumba ya udzu, nthawi ya masana, nafotokoze okha chimene apeza. Amene muli pafupi ndi Boma la Mangochi, lowani nawo m'nyumba ya kalabu ija, ndipo asanayang'ane zoikidwa m'katimo, ayambe ayang'ana nyumbayo: ndani anaimanga, anaimangira yani, ndipo lero iri ya yani. Polemba lipoti la ulendowo, dzina la mmisiri wa kumudzi uja lilembedwe pamwamba.